Ndege Imene Anaiyesa mu Julayi

Okondedwa azakhali a Gunvor,

Ndikhulupirira muli bwino ku Canada. Masokosi munatumiza aja afika, zikomo.

Munafunsa za helikopita yatsopano ya pa sitima yathu yankhondo. Akuluakulu anayerekeza ndege zitatu: yotchipa, yaikulu youluka mtunda wautali, ndi ina yaing'ono. Ine monga makaniko ndinawauza kuti, "Tengani yaing'onoyo, mapiko ake amatambasuka ngakhale kuzizire bwanji." Bwana wina anandiseka: "Mayi, inu zanu ndi sipanala." Anasankha yaikuluyo ataiyesa mu Julayi, nyanja ili bata. Kumpoto kuno Julayi ndi mwezi wotentha!

Lachiwiri lapitali boti la asodzi linapempha thandizo, likumira. Mapiko a helikopita, amene timawapinda ikakhala pa sitima, anali ataundana ndi chisanu, anakana kutambasuka. Tinawagogoda ndi nyundo zamatabwa mphindi makumi anayi ndege isananyamuke, ine ndikutukwana. Bwana uja akuti alemba lipoti. Alembe, akalidye lipotilo!

Botilo mukulidziwa, azakhali, lobiriwira lija. Munali anthu anayi, tinavuula atatu. Wachinayi anali achimwene anga a Hallvard, amene munawalera aja... Amayi andiletsa kulemba zambiri. Iwo akuwaikirabe kapu ya khofi patebulo.

Ndine mwana wanu,
Oddrun