Timabokosi Tinayi Togona

Lolemba, 14 Julaye
Mwera tsiku lonse. Bwato la a Weston silinapezekebe. Mkazi wawo, Agness, wabwera kushopu kuchokera ku Kande, maso otupa. Akufuna vidiyo ya ukwati wawo. Ndinajambula mu Meyi, mpaka lero sindinalumikize. Wangoti, "Ada Noel, ndikungofuna ndiwaonenso akuyenda."

Lachiwiri, 15 Julaye
Kompyuta ikukwawa. Vidiyo isanafike ndi pakati pomwe, magetsi thii, kuyambiranso. Purosesa iyi, ubongo wa kompyutayi, ili ndi mitu inayi, uliwonse umatha kugwira ntchito ziwiri nthawi imodzi. Mu Task Manager, moonera mmene makina akugwirira, muyenera kuoneka timabokosi eyiti, tiwiri pa mutu uliwonse. Muli tinayi. Theka la mphamvu likugona. Ndalowa mu BIOS, mosinthira za m'kati mwa makina: Hyper-Threading, yopatsa mutu uliwonse ntchito ziwirizo, ndi yoyatsa kale. Nanga vuto lili pati?
Khadi la kamera ndinalifufuta kalekale, ndinajambuliramo mpira. A Weston atsala mu disiki imodzi iyi basi, ya m'kompyutamu.

Lachinayi, 17 Julaye
Ndapeza. Mu msconfig, mosankhira kayakidwe ka kompyuta, wina anachonga kuti Windows izigwiritsa ntchito timabokosi tinayi tokha. Achimwene anga a Griffin, palibenso wina. Kompyutayi ndi yawo, anandisiyira popita ku Joni. Ndawaimbira. Akuti, "Usakhudze, ndinachita dala. Pawa sapulayi ndi yotopa. Inandiwotcherapo disiki."
Pawa sapulayi ndi kabokosi kogawa magetsi m'kompyutamu; yatsopano mpaka ku Mzuzu, ngati ilikonso. Fulashi yanga ndi yaing'ono, mafayilo sakukwana.

Loweruka, 19 Julaye
Apeza nkhafi ndi nyali imodzi kufupi ndi gombe la Makuzi. Anthu ayi. Asodzi asiya kusaka.
Abale a Agness afika kuchokera ku Dedza kudzamutenga. Anyamuka Lolemba. Agness kuno sadzabweranso, ndikudziwa.

Lolemba, 21 Julaye
Ndachotsa chochonga chija, ndazimitsa, ndayatsanso. Timabokosi eyiti, tonse todzaza mpaka pamwamba. Liwiro lake mpaka mantha. Chivundikiro cha kompyuta ndachotsa, fani ya patebulo ndailozetsa mkati. Pa sikirini a Weston akuvina, jekete lobwereka lowakulira mapewa.
Agness ali panja pabenchi, chikwama pamiyendo. Minibasi yaima, amalume ake akodola, iye wapukusa mutu. Yapita.
Vidiyo yatsala pang'ono kutha. Koma kuseri kwa makina kwayamba kulira kwina, ngati njuchi m'botolo. Kafungo ka pulasitiki. Ndikazimitsa, Agness apita chimanjamanja. Ndikaisiya, disiki ija...
Agness akugogoda. Akufunsa ngati angalowe adzaonere pompano.