Chiliza chanu chidikire chaka china

Amayi, kumeneko mwaswera bwanji?

Ine kuno ku Doha ndilipo, kungoti thupi latopa. Ndikadali mlonda pageti lomwe lija, kuimirira tsiku lonse, kenako basi yobwerera ku Najma komwe timapanikizana anthu asanu chipinda chimodzi. Kumudzi mwana wanu Esinati wabereka mwana wamwamuna. Chimanga akuti chachita mwapakatikati, mbuzi ziwiri zinafa ndi matenda.

Chandilembetsa kalatayi ndi chiliza chanu. Tinapangana kuti kontirakiti yanga ikatha mu Juni ndinyamuke kuno, mpongozi wanu Lusiya ndi mdzukulu wanu Tadala anyamuke ku Ayalandi, tikumane kumudzi, tikumangireni manda, tisabwererenso kunja.

Ku Ayalandiko Lusiya akusamalirabe okalamba kudera lina lakumudzi, komwe ng'ombe zimachuluka kuposa anthu. Sukulu ya Tadala ndi kanyumba chabe, makalasi angapo chipinda chimodzi. Eni dera atathamangira m'tauni inatsala pang'ono kutsekedwa, ndiye anaidzutsa ndi ana a anthu obwera ngati ife. Makolo apaka penti, akonza bwalo, ndipo aphunzitsi anali awiri tsopano ndi atatu. Koma kumeneko boma limawerenga ana kumapeto kwa Seputembala, ndipo chiwerengerocho ndicho chimalamula kuti aphunzitsi akhale angati. Chaka chino anawo angokwana ndendende. Tadala akachoka, mphunzitsi wachitatuyo achotsedwa, yemwe anamugwira dzanja tsiku loyamba asanadziwe nkupempha madzi komwe m'Chingerezi.

Lamlungu pafoni mwanayu sanalire. Anangondifunsa m'Chichewa chake chopindikacho, "Adadi, ndikapita ine, aphunzitsi anga achoka chifukwa cha ine?" Ndinamunamiza kuti netiweki yavuta, nkudula.

Ndinafuna kukwiya, Amayi. Sukulu ya azungu ikundikhudza chiyani ine, amene mapazi atupa ndi kuimirira? Koma ndinakumbukira inu mukusenza njerwa za sukulu yathu ija, mwana kumsana, amuna atakhala pamthunzi akukangana za komiti. Munkati, "Ine sukulu inandiphonya, koma wanga asadzaionere pawindo." Ndikudziwa mbali imene mukanaima, ndipo zimenezo nzimene zikundipweteka.

Ndiye dzulo ndinasaina kontirakiti ya chaka china. Ndikumva kale mukundiseka monga munkachitira, "Iwe Yohane, umalonjeza ngati masiku uli nawo m'thumba." Sekani ndithu, ndalakwa. Ndamuuza Esinati akalambule pamanda panu mvula isanayambe, aikepo miyala kuti dothi lisakokoloke. Ndili ndi manyazi kuti mugonanso dzinja lina pamalo opanda dzina.

Mwezi sinditchulanso. Koma chiliza ndidzamanga ndi manja angawa, ndipo dzina lanu pamenepo adzaliwerenga mokweza ndi Tadala, inu mukumva.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yohane