Manda a zaka makumi awiri ku Heimdal

Ethel Makwinja, 1951 – 2005

Ethel, lero zakwana zaka makumi awiri chitisiyireni. Chaka chilichonse ndakhala ndikuika chithunzi chanuchi m'nyuzi muno ndi mizere inayi pansi pake, yomweyomweyo. Chaka chino ndapempha malo okulirapo. Kumene mwagonako zaka makumi awiri zili ndi tanthauzo lomwe ine sindinkalidziwa, ndipo ndiyenera kukufotokozerani ndekha.

Chithunzichi tinajambulitsa pa Ulongwe sabata yomwe munkanyamuka. Munali munthu wa moni. Kuchoka kunyumba kufika pamsika ndi mtunda wa mphindi khumi, koma inu munkatha maola awiri, chifukwa munkayenera kudziwa mwana wa yani wachira, mbuzi ya yani yaswa. Ine ndinkaima pambali ndi dengu, inu n'kutembenuka: "Ahedi, musaime ngati mukuyang'anira mayeso, perekani moni." Ndinapuma ntchito ya uhedimasitala kalekale, koma dzinalo anthu sanandivule.

Munapita ku Norway mu Ogasiti 2004 kukathandiza Chiyamiko, mwana wathu mmodzi yekhayo, yemwe ndi namwino mumzinda wa Trondheim. Anali woyembekezera koyamba, ndipo munati mwana wanu sangachire pakati pa alendo inu muli moyo. Makalata anu khumi ndi imodzi ndikali nawo. Munalemba za Heimdal, dera lomwe amakhala: nyumba zamatabwa zopaka penti yoyera, yachikasu ndi yofiira, zondandalikana bwinobwino, koma panja popanda munthu. Mukapereka moni mumsewu, munthu ankayang'ana galu wake. Tsiku lina munakazinga mandasi n'kukagogoda pakhomo loyandikana nalo. Mayi wa pamenepo anatsegula pang'ono, anathokoza, kenako anafunsa ngati pali vuto. Mbale munaipeza m'mawa mwake pakhonde, yotsukidwa, itasiyidwa popanda odi. Munalemba mukuseka, ndipo ine powerenga ndinaseka nawo.

Chomwe munakonda ndi midzi ya alimi yozungulira mzindawo. Lamulungu mkamwini wathu Sammy ankakutengerani kumeneko pagalimoto, inu n'kumatsika kukafinya dothi m'manja ndi kuonerera akukumba mbatatesi ndi makina. Munati kumidziko mtima unkakhala pansi, chifukwa ng'ombe zokha ndi zomwe zimamuyang'ana munthu kumaso m'dziko limenelo.

Pa 9 Febuluwale m'mawa, mdzukulu wathu Mtendere atagona, munatuluka kukataya zinyalala. Munaterereka pa madzi oundana n'kumenyetsa mutu. Chiyamiko ndi Sammy anali kuntchito. Munagona pamenepo pafupifupi ola lathunthu mpaka anakupezani wopereka makalata. Mazenera oyang'ana pamalo amenewo alipo khumi ndi awiri. Ndinawawerenga ndekha chaka chatha. Sindikunena kuti anakuonani. Ndikungonena kuti pa Ulongwe mbuzi ikagwera m'dzenje, anthu amafika isanalire kachiwiri.

Viza inandichedwera, choncho sindinakuperekezeni. Anakuikani patatha masiku khumi ndi awiri, pa ola lomwe ofesi ya manda inapeza mpata. Panali anthu asanu ndi anayi, mwambo unatha mphindi makumi anayi, kenako anakamwa khofi ndi keke. Mwa oyandikana nawo nyumba sipanabwere ndi mmodzi yemwe. Wina anaponya khadi m'bokosi la makalata. Kuno anthu anakhala pakhomo pathu masiku atatu, maliro opanda mtembo. Amayi a kumphakati anaimba mpaka mawu kusasa. A Zubairu ndi akazi awo a Zaina, anansi athu achisilamu, anabwera ndi ngolo ya nkhuni, ndipo ngakhale nyimbo zathu za kutchalitchi si zawo, sanachoke mpaka tsiku lomaliza.

Ndisaloze ena okha. Achimwene anu a Wyson anabwera kuchokera kwa Mposa tsiku lomwelo la uthenga, nati mtembo ubwere, mudzagone pafupi ndi amayi anu, abale achita zonse zotheka. Ine ndinawayankha ngati ndili m'kalasi. Ndinati nthaka yonse ndi ya Mulungu, ndipo si nzeru kuvutitsa mwana yemwe wangochira kumene. Iwo anandifunsa funso limodzi lokha: "Alamu, adzasesa ndani?" Ndinawauza kuti azungu amasamala manda kuposa ife. Ndinalankhula modekha, mwaulemu, monga munthu amene anawerenga mabuku. Pa zonse zomwe ndikulemba pano, palibe chimandinyansa kuposa mawu angawo.

Mu Juni chaka chatha Chiyamiko anaimba foni. Tinakamba za mankhwala anga ndi za mayeso a Mtendere, kenako, ngati wakumbukira kanthu kakang'ono, anati kwabwera kalata ya manda anu. Ndinamuuza kuti abwereze katatu. Kumeneko, Ethel, manda ndi a munthu kwa zaka makumi awiri. Zikatha, ngati palibe wachibale wosainira, amazula mwala, amakumba, zomwe apezamo amazitsitsira pansi pang'ono, n'kuikapo munthu wina pamwamba. "Musadandaule, ababa," anatero, "ndasaina kale zaka zisanu. Zikatha adzalembanso. Ndi mmene amachitira kuno." Amayi ake akuwasainira ngati laisensi ya galimoto, ndipo mawu ake sananjenjemere n'komwe. Sindimuimba mlandu. Wakhala kumeneko nthawi yaitali kuposa yomwe anakhala m'nyumba mwathu.

Mu Seputembala ndinapita. Aka kanali koyamba kuima pamanda panu, ndipo manyazi a zimenezo ndi anga. Pa ukhondo ndinanena zoona: udzu ndi wometedwa, tinjira n'toyera ngati m'chipatala. Koma pamzere wanu miyala itatu inali ndi tizikwangwani tachikasu, touza abale kuti aonekere ku ofesi nthawi isanathe. Kudzanja lanu lamanzere kunali mpata, pomwe mwala unazulidwa posachedwa, ngati m'kamwa mwa munthu wogweluka dzino. Kuseri kwa nyumba yosungiramo zipangizo ndinapeza mulu wa miyala ya anthu, mayina akuyang'ana pansi. Sammy anafunsa wantchito wa pamenepo, ndipo anamuuza kuti ikadzachuluka amakaiphwanya kukhala miyala yothira mumsewu. Mukudziwa kuti sindilavula pagulu. Tsiku limenelo ndinalavula.

M'mawa mwake tinapita ku ofesi yoyang'anira manda, Chiyamiko akumasulira. Tinapezamo mtsikana waulemu kwambiri. Anandipatsa khofi, n'kunditembenuzira kompyuta yake kuti ndione mapu: timabokosi tofiira ndi tobiriwira, monga amachitira posankha mpando wa m'basi. Inu munali kabokosi kofiira. Ndinapempha kuti andilole kutenga mafupa anu, ndidzakuikeni kwa Mposa monga anafunira a Wyson. Anati iyayi. Anati lamulo lawo limateteza mtendere wa akufa, ndipo manda safukulidwa popanda chifukwa chachikulu. Kufuna kwa mwamuna patapita zaka zonsezi si chifukwa chokwanira. Ndinafunsa kuti mtenderewo ndi uti, ngati mwamuna wanu saloledwa kukusunthani koma mlendo amaloledwa kukugonerani pamwamba. Chiyamiko anazengereza kumasulira, koma ndinamuuza kuti anene monga ndanenera. Mtsikanayo sanakwiye. Anamwetulira mondimvera chisoni, nati malo ndi ochepa.

Madzulo ake Sammy ananditengera kumidzi yanu ija. Ndinaona nkhalango kuchokera phiri ili kufika phiri ilo, minda yogonera, ndi madambo athunthu otchingidwa ndi waya kuti muzidya akavalo awiri osagwira ntchito iliyonse. Kwa Mposa anthu amakanganira mzere umodzi wa chimanga, koma sindinamvepo wina akunena kuti msitu wa manda wachepa, tichotsemo agogo. Pobwerera tinalowa mu Heimdal dzuwa likulowa, nyale zitayaka m'mazenera onse, makatani osatseka, aliyense akudya yekha poonekera. Bambo wina ankayenda ndi galu wovala juzi, akumutolera chimbudzi m'kapepala. Ndinaganiza za ola lanu lija pa madzi oundana.

Ndisanachoke ndinabwerera ku ofesi kuja ndi funso lina. Ndinafunsa kuti amasankha ndani munthu woikidwa m'manda omwe abale akusainira. Anati amasankha wosainayo, ndipo nthawi zambiri amaikamo mwamuna kapena mkazi wa malemuyo. Akatero, zaka makumi awiri zimayambiranso poyamba, ndipo palibe angakhudzepo. Ndinamuthokoza. Khofi wa tsiku limenelo ndinamwa.

Tsono nkhani ndi iyi, amake Chiyamiko. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi ziwiri. Sindingadalire kalata yobwera pa zaka zisanu zilizonse kwa mwana yemwe mawa angasamukire mzinda wina, kapena kudwala, kapena kungoiwala kutsegula envulopu. Popeza ndine wamasiye ndipo ndilibe mwana wina kuno, boma la Norway landilola kukakhala ndi Chiyamiko. Ndinyamuka mu Meyi tikakolola. Nyumba ya pa Ulongwe ndasiyira Jane, mwana wa mng'ono wanu, amene wakhala akundiphikira zaka zonsezi. Pamsika akundigwira chanza, akuti Ahedi apita ku Ulaya kukadyerera ukalamba. Ndimangovomera. Alongo anga a kwa Ngokwe sakundilankhula, chifukwa malo anga a kumanda anali pafupi ndi amayi, ndipo akuti ndikukadzitaya kwa eni. Sakunama.

Ndinapita kwa Mposa kukawauza a Wyson. Maso awo anachita khungu, koma mawu anga anawazindikira ndisanakhale pansi. Ndinawafotokozera zonse, za mulu wa miyala ndi za kabokosi kofiira, ndipo ndinawauza kuti funso lawo lija ndinaliyankha molakwa. Kenako anati, "Mwachedwa, alamu, koma pitani."

Sindikulonjeza kuti ndikalikonda dera limenelo. Ndikakhala mumsewu womwewo, ndikudutsa tsiku ndi tsiku pomwe munagwera, pakati pa anthu omwe sadziwa kuti munakhalapo. Ndikazizidwa, ndikadya zomwe sindizidziwa, ndipo maliro anga adzakhala a mphindi makumi anayi. Ndavomera zonsezo. Ngati lamulo lawo likuti pamwamba panu payenera kugona munthu, munthuyo ndikhala ine. Ndalemba zimenezi pa pepala, Chiyamiko wasaina, Mtendere ndi mboni. Ndikudziwa kuti ndikungowonjezera zaka zina makumi awiri, chifukwa kumeneko kulibe manda a muyaya. Koma tsiku lomwe adzabwere ndi makina awo kudzazula mwala, adzatipeza tili awiri.

Akukulirani Chiyamiko, yemwe salira pamaso panga, Sammy, Mtendere, yemwe Chichewa chake chimathera pa moni koma amasunga chitenje chomwe munkamuberekera, a Wyson ndi onse a kwa Mposa, Jane, ndi a Zaina, omwe akuti pamsika palibenso wowachedwetsa.

Kukukumbukirani ife sitisainira, Ethel, ndipo kulibe chaka chomwe kudzathere.

Amuna anu,
Blasius Makwinja, Ulongwe