Mawu a Bambo pa Kalole ka Mbatata

Aphungu,

Bambo anga, a Genzo, ankagulitsa mbatata yootcha pa miyala yamoto, kuzungulira misewu ya kuno ku Hanamaki ndi kalole kawo nyengo yachisanu. Poitana ogula ankaliza kaseti imene anajambula ine ndili wakhanda, mawu awo akutulukira pa chimkuzamawu cha padenga: "Mbatataaa! Yootchaaa, yamotooo!" Anamwalira chaka chatha, ndipo kaloleko ndinakatenga ine mwana wawo wamkazi.

Nditangoyamba, wailesi ya m'galimoto inatafuna kasetiyo. Pa sitolo ina anakwanitsa kundikopera mawuwo mu foni tepiyo isanatheretu, koma wailesi yathu ndi yamakedzana, ilibe pobayira foni. Ndiye ndinaimasula ndekha. Ndinadula chingwe cha mahedifoni, timawaya take n'kutiwotcherera ndi mtovu pamene mawu a kaseti amalowera. Ndinapsa chala, ndipo wailesiyo silankhula pokhapokha uinamize ndi kaseti yopanda tepi.

Koma Aphungu, italankhula! Ine ndinazolowera mawu okoka, otopa ngati a munthu wa chimfine. Apa munatuluka mnyamata. Ndinamva ngakhale mpweya umene ankakoka asanayambe kuitana. Timawaya toonda ngati ulusi kundibwezera bambo anga! Ndinangogwira chiwongolero osatha kuliza injini.

Vuto linabwera mawa lake. Mawu oitana akangotha, bambo ankabweza kaseti ndi chala, mpaka batani lake linafufutika. Tonse tinkati n'chizolowezi chabe. Ine foni ndinangoisiya ikuyenda. Ndili pa msewu wa kwathu masana, anthu ali pamzere, chimkuzamawu chinapitiriza. Kunamveka mtsikana akuseka: "Inu a Genzo, mumudzutsa mwana ndi kukuwa kwanuko!" Bambo n'kuyankha motsitsa mawu: "Sumie, ogulawo ndilibe nawo ntchito. Ndimakuwa kuti iwe uzindimva ndikadali kutali, udziwe kuti ndikubwera."

Sumie ndi mayi anga. Bambo omwe aja, amene kwa mayi ankangoti "tiyi", "madzi osamba", "ndakagona"! Kenako a Oikawa, mayi woyandikana nafe, anawomba m'manja: "Aaa! Kani mdala wouma ngati chikuni uja anali ndi shuga m'kamwa? Bambo a kunyumba, mwamva anzanu?" Mayi anali pa geti ndi fosholo yokankhira chipale chofewa. Anawerama kupepesa anthu, n'kulowa m'nyumba.

Pa chakudya anangoti, "Ufufute zimenezo. Watichititsa manyazi, ndipo bambo ako sangathe kudziyankhira." Chiyambire tsikulo sandiyang'ana kumaso. Koma dzulo m'mawa ndinawaona ali m'kalole, atagwira kachingwe kaja, akukatembenuza, osadziwa pokabaya.

Ndifufute? Ndikatero mawuwo apita osabwereranso. Ndikakana, ndikuopa kutaya mayi amoyo pokakamira bambo omwalira.

T.K., Hanamaki

A T.K.,

Choyamba, chalacho chipole. Inenso kalata yanu ndaiwerenga kukamwa kuli yasa. Taganizani: bambo anu akanatha kujambula kaseti ina tsiku lililonse. Sanatero. Anayenda ndi mawu amenewo moyo wawo wonse, akuwalondera ndi chala chimodzi.

Musafufute. Komanso mayi sakulakwa, munawavula pagulu ngakhale simunadziwe. Kuitanako n'kwa msewu, zotsatirazo n'za anthu awiri, ndipo foni ilibe chala cha bambo anu. Mawuwo aduleni pawiri. Gawo loitana likhale lokha, lizingobwereza. Linalo lichoke mu foni ya ntchito lero lomwe, lipite mu foni ya mayi.

Mukatero tenganinso chowotcherera chija, muike swichi pa waya wopita kudenga, kuti mukaizimitsa mawu azimveka m'kati mokha. Musanagwire waya aliyense chotsani batire, ndipo polumikiza ponse mukulunge bwino. Kalole konyamula nkhuni sikafuna zothetheka.

Kwa mayi pepesani mosachulutsa gaga, ndipo musawanamize kuti mwafufuta. Auzeni kuti kumsewu mawuwo sadzamvekanso, kuti tsopano ndi awo, akafuna afufute okha. Aonetseni pobaya chingwe ndi polowetsa kaseti yonamizira ija, musawayang'ane kumaso pamene mukuwaonetsa, ndipo kiyi mum'pachike pamene dzanja lawo limafika.

Koma samalani. A Oikawa akapempha kumvanso, apatseni mbatata yaikulu, basi. Ndipo m'mawa umene mudzapeze chitseko cha kalole chili chotseka, mayi ali m'kati, musagogode. Ogula adikire. Amuna awo akubwera.

Aphungu