Waya wa Abambo Pansi pa Galimoto

Okondedwa achemwali,

Landirani moni wochokera kuno. Muli bwanji inu ndi alamu ndi ana? Mwendo wa amayi uja wasiya kutupa? Ine m'thupi ndili bwino, mtima wokha ndiwo wadzaza ndulu. Ndalemba kalata mwadala chifukwa foni yanu mumakonda kuiika pa sipika, ndipo makutu a abambo amagontha pa zina zonse kupatula nkhani yowakhudza. Muwerengere kuchipinda.

Kuno lendi akweza, ndipo mnzanga amene ndimakhala naye wapeza mwamuna, moti posachedwa andisiya ndekha ndi lendiyo. Ntchito ndi yomwe ija yosamalira okalamba m'makomo mwawo, kuwasambitsa, kuwamwetsa mankhwala ndi kumvera nkhani yomweyomweyo m'mawa uliwonse. Koma masiku ano ndikuyenda pa basi. Galimoto yanga andigwirira kusitolo komwe ndinaigula, ndipo akuti siituluka pageti mpaka nditalipira.

Ndinapita nayo sabata yatha pa tinthu tachabechabe. Babu la kumbuyo linapsa, chopukutira galasi chimalira ngati kamwana ka mbuzi, ndipo nthawi yosintha oyilo inali itakwana. Mukukumbukira kuti pogula anandipatsa pangano loti zaka zoyambirirazi chinthu chikawonongeka azikonza okha, ine ndizingolipira oyilo. Panganolo ndi limene linandichititsa kulolera ngongole yokwera m'malo mogula kwa munthu wamba.

Bambo wa pakauntala, wovala tayi, anandilandira mano onse ali pamtunda. Anandikhazika pampando wofewa, nkundipatsa tiyi, nkundisainitsa pepala, amvekere ndibwere madzulo zonse zikhala zitatha. Ndikanadziwa kuti tiyi ameneyo ndi wodula chonchi, ndikanamwa makapu atatu.

Madzulo anandipatsa lisiti yaitali ngati mpango. Pamwamba panali babu, chopukutira ndi oyilo, ndalama zoti munthu angalipire osatuluka thukuta. M'munsi mwake ndiye munali zoopsa: chipulasitiki chatsopano chotchinga pansi pa injini, timisomali take, kupima galimoto yonse pa kompyuta, ndi maola a amakanika. Zonse pamodzi zinatsala pang'ono kukwana malipiro anga a miyezi iwiri.

Ndinafunsa amene anawatuma kuchita zonsezo. Watayi uja anati ndine, chifukwa pepala la m'mawa lija lili ndi timalemba tating'ono towalola kukonza chilichonse chimene iwo aona kuti nchoopsa. Nditafunsa za pangano, anati latha mphamvu, chifukwa apeza kuti dzanja losaloledwa linagwirapo galimotoyo. Pansi pa injini anapezapo waya.

Apa mwadziwa kale mwini dzanjalo. Abambo atabwera kudzapimitsa maso, chipulasitiki chimenecho chinali chikukwekwereza pansi chifukwa ndinagunda chitumbira cha pamsewu. Ine ndinati ndidzapita nacho kusitolo, koma inu mumawadziwa, chinthu chomasuka sagona nacho tulo. M'mawa ndinawapeza atayala katoni, ali chagada pansi pa galimoto, atavala buluku lawo la kutchalitchi. Waya anadula pa woyanikira zovala wa eni nyumba, mphira anatulutsa m'chikwama mwawo. Atatuluka, malaya ali bii, anamenya galimotoyo ndi chikhatho nkunena kuti tsopano yalimba kuposa mmene azungu ake anaipangira. Ndinawathokoza ndi mtima wonse, nkukagulira eni nyumba waya wina.

Ndiuzeni, kwathu chinthu chikamasuka timatani? Si timamanga? Njinga ija, geti, wailesi, ngakhale nsapato zathu za kusukulu, zonse zinakhala moyo ndi waya wa abambo, ndipo palibe tsiku limene tinakapempha chilolezo kwa munthu. Ine ndikanadziwa bwanji kuti kuno kumanga ndi mlandu?

Ndinakana kulipira, nkunena kuti ndikufuna manijala. Anandiuza kuti watuluka. Mawa lake anati ali pamsonkhano. Ndinakhala pampando wofewa uja mpaka msonkhanowo unatha, ndipo ulendo umenewu tiyi sanabwere.

Manijalayo ndi munthu waulemu kwambiri, wa ulemu wonga wa munthu amene akukupisa m'thumba. Ananditengera kumbuyo kokonzera, komwe galimoto yanga inali m'mwamba pa zitsulo, mimba ili poyera. Waya uja anali atamuika m'kajumbo ngati umboni wa kupolisi. Anamutulutsa, nkumupenyetsetsa, nkufunsa mokweza kuti ndi makanika uti wapansi pa mtengo amene anachita zauchitsiru zimenezi. Amakanika ake anaseka, wina mpaka anajambula wayayo pa foni.

Ndinayankha mokwezanso kuti anamanga ndi abambo anga ondibereka, ndipo aliyense amene akuseka anene ngati bambo ake anagonapo pansi chifukwa cha iye. Kuseka kunatha, wafoni uja anabweza foni m'thumba. Koma musaganize kuti ndinapambana. Manijala anangopepesa ndi pakamwa, lisiti ili chikhalire.

Ndinamufunsa ngati wayayo anawononga kanthu. Anati ayi, koma akanatha kuwononga. Ndinamufunsa kuti waya wa pansi pa injini akugwirizana bwanji ndi babu la kumbuyo. Anati iye sangachitire mwina, kompyuta ikatseka pangano yatseka. Ndinati chabwino, chotsani chipulasitiki chatsopanocho, mundibwezere changa chakale ndi waya wake, ndizipita. Anati chakalecho anataya kale. Ndiye nditayang'anitsitsa pa maola a amakanika, ndinapeza kuti andilipiritsanso nthawi imene anavutika kumasula wayayo, chifukwa akuti anamangidwa molimba kwambiri. Ndinaseka ndekha ngati wamisala.

Pomaliza anati pofuna kundisonyeza chifundo achotsapo mtengo wotsukira galimoto. Ine sindinawapemphe kuti atsuke. Ananenanso kuti tsiku lililonse limene galimoto ikugona kwawoko ndizilipira malo. Anthu amenewa akundidyera masuku pamutu, ndipo akuchita zimenezi akumwetulira.

Ndinapitanso ku ofesi yomva madandaulo a ogula. Mayi amene ndinamupeza anandimvetsera bwino, anati nkhani yanga ili ndi mutu, koma kuti iweruzidwe papita miyezi, ndipo nthawi yonseyo galimoto ikhala komweko. Miyezi imeneyo ine ndilibe. Makomo amene ndimagwirako ndi otalikirana, basi imandisiya kutali, ndipo tsiku lililonse ndikuchedwa. Dzana ndinapeza gogo wina amene sadzuka yekha ali pabedi ponyowa, akundidikira chidzukire, osadandaula nkomwe. Ndinamusambitsa ndikulira. Abwana andichenjeza kuti ndikachedwanso makomo anga apatsa wina.

Choncho mawa ndikukalipira. Fisi akagwa m'mbuna salankhula. Ndikupereka ndalama zonse zimene ndimasungira ulendo wobwera kumeneko, zotsalazo wandibwereka mnzanga uja. Zikutanthauza kuti kumapeto kwa mwezi sindibwera monga ndinalonjezera, ndipo kangachepe kamene ndimatumiza kaja kayamba kaima. Ndikudziwa kuti katunduyo agwera inu ndi alamu, ndipo ndikuchita manyazi. Dandaulo lija sindilichotsa, ndilisiya komweko ngakhale litenge chaka, kuti naonso adzatuluke thukuta pang'ono.

Chimene chikundiwawa kwambiri si ndalamazo. Lamulungu abambo anandiimbira pa foni ya alamu. Asanandifunse nkomwe za moyo, anafunsa ngati waya uja akugwirabe. Anati anzawo akutchalitchi awafotokozera onse mmene anakonzera galimoto ya mwana wawo kutauni, yamakono, ya kompyuta, popanda sipanala ngakhale imodzi. Mawu awo anali ngati a mnyamata. Chiyambire kuvutika maso sindinawamvepo akulankhula chonchi. Ine ndili pamalo okwerera basi, mvula ikundinyowetsa, ndinawayankha kuti wayayo wagwira kwambiri.

Ndiye pempho langa ndi limodzi, achemwali. Musawauze. Musauzenso amayi, chifukwa amayi akadziwa chinthu madzulo, m'mawa abambo amakhala atachimva ndi ndemanga zomwe. Akafunsa chifukwa chimene sindikubwerera, nenani kuti ntchito yachuluka, ndipo limenelo si bodza. Abambo akadziwa kuti manja awo andilowetsa m'ngongole, agulitsa mbuzi zawo kuti andibwezere, ndipo sadzagwiranso chinthu cha mwana wawo aliyense. Anthu aja anditengera ndalama, koma chimwemwe cha abambo sindiwapatsa.

Pa foni paja abambo anandiuzanso kuti andisungira waya wina wabwino, wosachita dzimbiri, pamodzi ndi pulayala yawo yakale, zoti ndizisunga m'galimoto. Akuti akupatsani kuti mutumize ndi munthu wobwera kuno. Musawakanize. Landirani ndi manja awiri, mutumize, ine ndidzawaimbira kuwathokoza.

Mundiperekere moni kwa amayi, muwauze asamaime nthawi yaitali ndi mwendo umenewo. Moni kwa alamu, kwa azakhali, kwa achimwene ndi akazi awo, ndi kwa ana onse, makamaka kamtsikana kanu kamene kamati kadzaphunzira kuyendetsa pa galimoto yanga. Kalatayi mukawerenga muing'ambe. Abambo muwapatse moni wapadera, ndipo muwauze kuti galimoto ikuyenda bwino.

Ndatha ine mng'ono wanu,
Mzime wa m'nyumba mwathu