Munaima pa Mlatho

Amayi, kodi muli bwanji kumene muliko? Kuno tikungoona kucha ndi kuda.

Mlongo wanga Misozi anachira mwezi watha, ndi mwana wamkazi, ndipo amutcha dzina lanu. Mphuno ndi yanu, kulira kwakenso n'kwaukali ngati mmene munkatiitanira muli pageti. Chimanga chimene munadzala kuseri kwa nyumba yathu ku Chelstone chinapsa ndi dzuwa, tinakolola beseni limodzi lokha. Magetsi akuzimazima, masiku ena tauni yonse imangoti bii, moti ine wojambula nyali za usiku ndimabwerera kamera ili m'chikwama.

Koma chandigwiritsa cholembera ndi china. Amalume a ku Kabwata akuti chiliza chanu chimangidwe mvula isanagwe, ndipo pamwalapo paikidwe nkhope yanu. Pa msonkhano wa banja maso onse anagwera ine. Nanga akanayang'ana ndani, mwini kamera ali pompo? Ndinavomera mwamatama.

Amayi, ndafufuza m'zithunzi zanga milungu itatu. Nyumba zazitali za m'tauni ndili nazo mbali zonse, mawindo ali ngwee. Milatho ndili nayo, mvula itagwa, mwezi utatuluka. Ngakhale mipanda ya anthu olemera a ku Kabulonga, amene sadziwa n'komwe dzina langa, ndili nayo. Nkhope yanu palibe. Munkandinena mukusenda mbatata kuti nyumbazo ndazisandutsa abale. Munkati, “Iwe Daliso, ma building aya ni abululu bako? Yazabwela ku malilo yako?” Ine ndinkangoseka.

Mukukumbukira madzulo aja tikuchokera kuchipatala? Munandiuza kuti adokotala angopeza kuthamanga kwa magazi basi. Minibasi itafika pa mlatho wa oyenda pansi wa pa Great East Road, ndinaona nyali zonse zayaka, ndipo ndinakukakamizani kuti titsike. Munakwera masitepe aja mukupumira panjira, ine ndili patsogolo ndi miyendo itatu ya kamera, osacheuka.

Ndinali nditakufotokozerani kale kuti usiku diso la kamera limakhala chitsegukire kwa nthawi kuti limwe kuwala, ndipo chilichonse choyenda chimasungunuka, chimatsala ndi chimene chaima. Ndinkayesa simunamve. Nditangodina, munabwera kutsogolo kwa kamera, munakonza duku, n'kunena kuti, “Nikopeko naine. Sinizagwedezeka.” Inu amene simunkakhala pansi ngakhale pakudya, munaima chilili, manja pamimba, osaphethira, mpaka kamera inatseka diso. Munatuluka bwino, Amayi. Ndinaona pagalasi la kamera, makwinya onse, ndi kumwetulira kwa mbali imodzi kuja.

Ndiye ndinakwiya. Ndinati mwanditchingira msewu, magetsi angazime nthawi iliyonse. Ndinafufuta chithunzicho pomwepo, inu mukuona. Munangoti, “Pepa, ba bwana,” n'kuyamba kuchoka, ine ndadinanso kale.

Chachiwiricho ndi chimene chatsala. Nyali za magalimoto zajambula mizere yofiira ndi yoyera mpaka m'tauni, mlatho uli mbee. Kumanzere kuli kachifunga kotuwa, kotalika ngati munthu. Ndinu mukundipatsa malo. Chithunzi chimenechi anthu anachiyamikira kwambiri, wina wa ku Woodlands anachipachika m'chipinda chake chochezera, ndipo palibe amene anafunsa za kachifungako.

Pepala la kuchipatala la tsiku lija Misozi analipeza m'Baibulo mwanu maliro atatha. Sikunali kuthamanga kwa magazi chabe, ndipo inu munkadziwa. Mtima umandiwawa, Amayi, ndipo ndili ndi manyazi. Kadi ya kamera ndapita nayo kwa anyamata okonza mafoni m'tauni, onse akuti ndinajambulapo zina zambiri pamwamba, sichingabwerenso.

Mawa ndikupita ku Kabwata kukawauza amalume zoona. Pamwala tiikapo chithunzi cha pa chitupa chanu, cha mtsikana wa zaka zosakwana makumi awiri amene ine sindinamuonepo. Odutsa kumanda azidzati munapita muli mwana.

Ndikachoka kumeneko ndipita kwa Misozi dzuwa likadali pamutu. Mdzukulu wanu sakhazikika, manja ndi miyendo zimangoti piringupiringu, ndiye zithunzi zambiri zidzatuluka zachifunga. Ndikukulonjezani kuti sindidzafufuta ngakhale chimodzi.

Ndimakukondani, ngakhale ndinachedwa kucheuka.

Ndine mwana wanu,
Daliso