Wogulitsa Matailosi wa pa Mpando 2C

Lachiwiri, 4 Malichi

Billings. Sikumene tinkapita. Ndege yathu ya ku Seattle yatera panjira chifukwa cha wodwala.

Ndilembe zisanasokonekere m'mutu. Ine pa mpando 2C, mfuti mkati mwa jekete. Tolliver, mnzanga wa ntchito, pa 5B. Apolisi awiri a boma obisala pakati pa apaulendo, monga masiku onse. Pambali panga mayi wachikulire, Lorraine Pruitt. Amuna awo, a Elwood, tsidya la kanjira. Mayiwo anapempha kuti tisinthane mipando akhale limodzi. Ndinati bondo limandivuta. Bodza. Mpandowo timapatsidwa chifukwa umayang'anana ndi chitseko cha oyendetsa ndege. Atafunsa za ntchito yanga ndinati ndimagulitsa matailosi. Bodza linanso, lomwe ndimanena paulendo uliwonse. Anasangalala, akuti khitchini yawo yatha ntchito, n'kundilembera nambala pa kapepala.

Patatha maola atatu a Elwood anagwera m'kanjira. Nkhope yotuwa, osapuma. Analengeza kawiri ngati muli dokotala kapena namwino. Zii. Ine ndinagwira mu ambulansi zaka zisanu ndi zinayi ndisanalowe ntchito ino.

Lamulo lathu ndi lodziwika. Wina akagwa, ndewu ikabuka, usadzuke. Ikhoza kukhala nyambo ya zigawenga kuti zidziwe wapolisi ndi uti. Ndipo nthawi yomweyo bambo wa pa 4A, amene tinatumidwa kumuyang'anira, anaimirira.

Mtsikana wotumikira m'ndege ndiye anagwada n'kuyamba kuwadinikiza kuti adzutse mtima. Manja anawaika pansi kwambiri, cha pamimba, ndipo mofewa ngati akusisita mwana. Makina odzutsira mtima anafika patatha mphindi zisanu ndi imodzi. Ndinkawerenga. Mayi Pruitt anandigwira dzanja, ine maso ali pa 4A.

Wa pa 4A uja ankangofuna chimbudzi.

Achipatala atsika nawo a Elwood mtima ukugunda koma asanatsitsimuke.

Lachitatu, 5 Malichi

Tabwerera ku Atlanta. Khofi wa pabwalo la ndege, wowawa ngati mankhwala. Tolliver amanditchula Dokotala chiyambire. Lero wayamba kutero n'kumeza mawu. Kenako akuti, "Aise, unachita zomwe anatiphunzitsa. Wa pa 4A uja akanakhala wa mpeni bwenzi pano akukuimbira m'manja."

Zoona. Koma sanali wa mpeni.

Lipoti, masamba atatu. Pali malo olemba kuti woyang'aniridwa anaimirira kangati, anatuluka thukuta kapena ayi. Olemba kuti nkhalamba inagona pansi mphindi zingati palibe.

Lachisanu, 7 Malichi

Kunyumba. Ndatchetcha kapinga wosafunika kutchetcha. Yolanda waona. Zaka khumi ndi zisanu ndi zitatu za ukwati, sungamubisire. Ndamuuza theka, kuti munthu anadwala m'ndege. Akuti, "Ndiye anali ndi mwayi, poti iwe unalimo." Ndinangoti eya n'kupita kukatsuka galimoto.

Chimene chikundidya si kusadzuka. Ndi pakamwa. Mawu angati? Kwezani manja, dinikizani mwamphamvu. Ngakhale wogulitsa matailosi akanatha kunena zimenezo, wina aliyense woonera kanema. Sindinanene chifukwa ndinkaopa kuti liwu langa limveka ngati la munthu wodziwa.

Ndaimba ku chipatala cha ku Billings. Akuti sangauze munthu wosakhala wachibale. Ndakhala ndikunama sabata yonse, koma kunena kuti ndine mwana wawo kwandikanika.

Lolemba, 10 Malichi

Bwana Hutchins andiitana mu ofesi. Ndimaganiza kuti akandikalipira, ndipo ndinkafuna atero. Ayi, andigwira chanza. Akufuna nkhaniyi ilowe m'maphunziro a olembedwa kumene, ine ndikaifotokoze ndekha mwezi wamawa. "Ana awa amathamangira chilichonse, Curtis. Akamve kwa munthu amene anatha kudzigwira."

Kudzigwira. Dzina lokoma bwanji.

Ndinafunsa ngati akudziwa kuti a Elwood ali bwanji. Anafunsa kuti Elwood ndi ndani.

Sindikuwada. Lamulolo silinagwe kumwamba, linalembedwa anthu atafa, ndipo ine ndemwe ndakhala ndikuliikira kumbuyo pomwa mowa ndi anzanga akale a mu ambulansi. Tsiku lina lidzapulumutsa ndege yathunthu. Lachiwiri lapitali silinapulumutse aliyense.

Lachinayi, 13 Malichi

Denver, Phoenix, Denver, kunyumba. Kukhala. Ntchito yanga ndi kukhala pa mpando. Zaka khumi ndi chimodzi, mfuti sindinaitulutsepo, chigawenga sindinachionepo ndi maso. Msana ndiye watha.

Wokhala naye pafupi lero wafunsa ntchito yanga. Ndanamizira kugona.

Kapepala ka nambala kali m'chikwama, kuseri kwa chiphaso cha ntchito.

Lachitatu, 19 Malichi

Ndapeza uthenga wa maliro pa intaneti. Elwood Pruitt, zaka 71, mphunzitsi wa ukalipentala wopuma. Anamwalira pa 12, osatsitsimuka. Ankapita kukaona mdzukulu wobadwa kumene ku Tacoma, pafupi ndi Seattle. Pachithunzi wanyamula nsomba, akuseka.

Pa 12 ine ndinali ku Denver, ndikudandaula kuti mazira a ku hotela ndi ozizira.

Ndamuuza Yolanda zonse, tili m'galimoto panja pa sitolo. Sanandinyoze, sananditonthoze. Anangoti, "Mayiwo akuganiza kuti m'ndegemo munalibe wodziwa." Ndinati kuulula ntchito yanga kwa wapaulendo n'kokwanira kundichotsa. Anati akudziwa. Tinalowa kukagula mkaka.

Loweruka, 22 Malichi

Ndaimba. Masana, ndili m'galaja, chitseko chotseka.

Anandikumbukira msanga. "Ooh, a matailosi aja!" Anathokoza kuti ndinawalola kundigwira dzanja, akuti mwina anandisiyira zikhadabo. Ndinati mayi, ine sindigulitsa matailosi.

Anaseka pang'ono. Akuti anadziwa tisananyamuke n'komwe, anaona mfuti pamene ndinawerama kuwatolera magalasi. "Ndinamukodola Elwood tisanakhale pansi, ndinati bambo, lero tigone tulo, tili ndi wotiteteza." Nambala ija akuti anandipatsa pongofuna kuona ngati ndingachite manyazi.

Apa ndikanatha kulekeza. Anali atandikhululukira kale, za bondo, za matailosi, zonse. Akuti wapolisi ali ndi ntchito yake, si dokotala.

Ndinawauza za ambulansi. Za manja a mtsikana uja. Za mphindi zisanu ndi imodzi.

Ndinkamva wailesi chapatali, ndi kamwana kakulira. Kenako funso limodzi lokha, mwaulemu, ngati akufunsa njira. "Mukanadzuka, mwanangu, akanakhala moyo?"

Ndinati sindikudziwa, mayi.

Anati zikomo poimba, n'kudula.

Munthu wogwa pamaso pako, manja ako n'kufika pachifuwa mphindi yomweyo, makina ali pafupi pomwepo. Oterowo ndinawadzutsapo ambiri. Ndinaimba foni kuti ndisiye kunama, ndipo pa funso lokhalo limene anafunsa ndinanamanso.